Kuwerengera Ndalama Zomangira Nyumba, Osaiwala Zinyalala Zake

Khalani pansi ophunzira inu, mutulutse makope ndi mapensulo, chifukwa phunziro la lero lili ndi masamu ndipo aliyense awerengera yekha. Tili ndi mafunso awiri. Loyamba: kodi mmisiri amadziwa bwanji ndalama zimene nyumba idzadye asanakumbe n'komwe maziko? Lachiwiri: pa ndalamazo, kodi zinyalala zimene zimatuluka pomanga ndi pogumula timaziika pati?

Mukayenda ku Area 25 ku Lilongwe, ku Machinjiri ku Blantyre kapena ku Chibavi ku Mzuzu, mudzaona nyumba zambiri zitaimira pa mawindo, zina pa lintala, udzu utamera m'zipinda. Eni ake ambiri anasunga ndalama zaka ndithu asanayambe. Chimene chinawagwetsa ndi mtengo wongoganizira. Mmisiri anayang'ana pulani, n'kukanda m'mutu, n'kutchula nambala. Ndalama zinatha khoma lisanafike pa denga. Ine ndikufuna kuti inu mukadzachoka pano muzidzatchula nambala imene mwaiyeza ndi tepi, mwailemba papepala, ndipo mungathe kuifotokoza pamaso pa mwini nyumba mzere ndi mzere.

Zimene zimapanga mtengo wa nyumba

Lembani magawo asanu awa. Gawo loyamba ndi zipangizo: simenti, mchenga, kwale, mabuloko kapena njerwa, zitsulo, matabwa, malata, misomali, mafelemu, penti. Lachiwiri ndi malipiro a amisiri ndi aganyu. Lachitatu ndi zoyendetsera ntchito: lole zobweretsa katundu, madzi, mlonda, kanyumba kosungiramo simenti, chimbudzi cha antchito, ndiponso ndalama zolipira ku khonsolo kuti ivomereze pulani. Lachinayi ndi zinyalala, kuyambira zowonongeka pomanga mpaka zonyamula kukataya. Lachisanu ndi ndalama yapadera ya zogwa mwadzidzidzi pamodzi ndi phindu la kontilakitala.

Pa ntchito zikuluzikulu, monga sukulu ndi zipatala, zonsezi zimalembedwa m'chikalata chimene amisiri amachitcha BOQ, ndipo amachikonza ndi katswiri wotchedwa quantity surveyor. Maphunziro a ukatswiri umenewu amaperekedwa ku MUBAS ku Blantyre, komwe kale kunkatchedwa Polytechnic. Koma njira yake ndi imodzimodzi ngakhale pa nyumba ya zipinda ziwiri: yezani kuchuluka kwa chinthu, pezani mtengo wa chimodzi, chulukitsani.

Mwa magawo asanuwa, limene amisiri amaliiwala kawirikawiri ndi lachinayi. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wofuna nyumba wafunanso mulu wa dothi, zidutswa za njerwa ndi matumba otha a simenti, ndipo zonsezo zili ndi mtengo wake.

Tiyeze nyumba yathu

Jambulani nyumba ya mamita 8 mulitali ndi mamita 6 mulifupi, makoma ake okwera mamita 2.7. Kuzungulira kunja konse ndi mamita 28. Tikachulukitsa 28 ndi 2.7 tikupeza masikweya mita 75.6. Koma pa zitseko ndi pa mawindo sitimangapo, choncho tichotsepo. Zitseko ziwiri zakunja, chilichonse mamita 0.9 ndi 2.1, ndiponso mawindo anayi, lililonse mamita 1.2 ndi 1.2, zonse pamodzi zikutenga pafupifupi masikweya mita 9.5. Khoma lakunja latsala masikweya mita 66. Makoma a m'kati tinene kuti ndi otalika mamita 14 onse pamodzi. Tikachotsa zitseko zitatu, atsala masikweya mita 32. Makoma onse ndi masikweya mita 98.

Tsopano mabuloko. Buloko la simenti lodziwika kwambiri nkhope yake ndi mamilimita 390 mulitali ndi 190 msinkhu. Mukawonjezera matope olumikizira a mamilimita 10, limakwana 400 ndi 200. Ndiye kuti pa sikweya mita imodzi pamalowa mabuloko 12 ndi theka. Chulukitsani 98 ndi 12.5: mabuloko 1,225. Mukagula 1,225 okha, ntchito idzaima mzere womaliza usanathe, chifukwa ena amasweka potsitsa mu lole, ena amadulidwa pa ngodya ndi pa mawindo. Amisiri amawonjezera 5 peresenti pa mabuloko abwino, choncho tilemba 1,290. Pa njerwa zowotcha za m'mudzi, zimene zina zimapsa bwino zina ayi, muyenera kuwonjezera 10 peresenti kapena kupitirirapo, ndipo muziyeza njerwayo ndi tepi musanawerengere, chifukwa zikombole zimasiyana woumba ndi woumba.

Dziwaninso kuti kuyambira chaka cha 2018, malamulo a zomangamanga amaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda, pofuna kuteteza nkhalango. Mukapatsidwa ntchito ya mtundu umenewo, werengerani mabuloko a simenti kapena njerwa zadothi zosakaniza ndi simenti zimene amazipanikiza ndi makina.

Tibwere pa konkire wa pansi. Kyubiki mita imodzi ndi bokosi la mita imodzi mulitali, mulifupi ndi msinkhu womwe. Mu wilibala ya malita 65 ndi maulendo pafupifupi 15. Pansi pa nyumba yathu ndi masikweya mita 48. Konkire akakhala wochindikala mamilimita 100, tikufuna makyubiki mita 4.8. Pa kasakanizidwe ka 1:2:4, kutanthauza muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya kwale, kyubiki mita iliyonse imadya matumba pafupifupi 6 ndi theka a makilogalamu 50, mchenga wotsala pang'ono kukwana theka la kyubiki mita, ndi kwale wotsala pang'ono kukwana kyubiki mita yathunthu. Wina afunsa kuti bwanji zonsezi zikaphatikizidwa zikupitirira kyubiki mita imodzi. Chifukwa chake n'chakuti mchenga umalowa m'mipata ya miyala, simenti n'kulowa m'mipata ya mchenga. Choncho 4.8 kuchulukitsa ndi 6.5 ndi matumba 31. Kuwonjezera 5 peresenti ya wotayika, matumba 33.

Njira yomweyi muitsate pa maziko, pa pulasitala, pa denga ndi pa penti. Chilichonse chikhale ndi mzere wakewake.

Zinyalala zimene mungazipewe ndi pensulo

Chinthu chimene chawonongeka pa ntchito mumachilipira katatu: pochigula, pochibweretsa, ndi pochichotsa. N'chifukwa chake malo abwino ochepetsera zinyalala ndi papepala, ntchito isanayambe.

Taonani zitsulo za m'konkire. Zimagulitsidwa zotalika mamita 12. Ngati pulani ikufuna zidutswa za mamita 3, chitsulo chimodzi chimatulutsa zinayi popanda chotsala. Koma ikafuna za mamita 3.5, mupeza zitatu, ndipo mita imodzi ndi theka itsala. Pa zitsulo zisanu ndi zitatu zilizonse, ndiye kuti chimodzi chathunthu chapita ku mulu wa zotsalira. Mmisiri wochenjera amalemba mndandanda wa zidutswa zonse asanadule, n'kuona kuti chotsala cha apa chingagwire ntchito pati.

N'chimodzimodzi ndi makoma. Chipinda chimene muyeso wake ukugwirizana ndi kutalika kwa buloko sichifuna kudula mabuloko ambiri. Malata a IBR amadulidwa ku fakitale molingana ndi muyeso umene mwapereka, choncho yezani denga bwino m'malo modulira pa ntchito. Matailosi amafuna kuwonjezera pafupifupi 10 peresenti, ndipo mukawayala mopingasa amadulidwa ambiri kuposa pamenepo. Simenti musaiike pansi penipeni kapena kuitsamiritsa kukhoma. Muiike pa matabwa, muifunditse, ndipo musagule yoti ikhale miyezi yambiri, makamaka m'dzinja, chifukwa chinyezi chimaiumitsa ili m'thumba. Matope omangira muzikanda okwanira ola limodzi kapena awiri. Amene ayamba kuuma sabwereranso mphamvu ngakhale muwathire madzi.

Dothi la m'maziko

Chinyalala choyamba pa ntchito iliyonse ndi dothi. Maziko a nyumba yathu ndi otalika mamita 42, kuphatikiza akunja ndi a m'kati. Tikakumba mamita 0.6 mulifupi ndi 0.7 kuya, tikutulutsa makyubiki mita 17.6. Apa mvetserani bwino: dothi likakumbidwa limafufuma, chifukwa limamasuka n'kulowa mpweya. Nthawi zambiri limawonjezereka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndiye mulu umene udzaime pa pulotiyo ndi wa makyubiki mita pafupifupi 22. Lina lidzabwerera m'mbali mwa maziko, koma lambiri lidzatsala, popeza malo ake atengedwa ndi konkire ndi khoma.

Dothi lakuda lapamwamba muliunjike palokha. Ndi la m'dimba ndi la maluwa, ndipo silifunika pansi pa nyumba chifukwa lili ndi mizu ndi zinyalala zimene zimawola, pansi n'kutitimira. Dothi lofiira lolimba lingathe kudzaza m'kati mwa maziko mukalitsendera bwino. Koma mukapeza makande, monga amene amapezeka ku chigwa cha Shire ndi m'madambo, dothi limene limatupa likanyowa ndi kung'aluka likauma, lonse liyenera kuchoka ndipo mudzagula lina lodzazira. Pamenepo mtengo umakwera kawiri: kuchotsa ndi kubweretsa. N'chifukwa chake simuyenera kupereka mtengo wa maziko musanafike pamalopo ndi kukumba dzenje loyesera.

Kugumula nyumba yakale

Tsopano tinene kuti pa pulotipo pali nyumba yakale ya njerwa zowotcha, ya muyeso womwewu, yofunika kugumulidwa. Zimenezi si zachilendo. M'mizinda anthu akugumula nyumba zazing'ono kuti amange zazikulu, ndipo namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, amisiri ambiri ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kumwera anayamba ndi kuchotsa zogumuka asanaike njerwa yatsopano.

Khoma lakunja ndi masikweya mita 66, lochindikala mamilimita 230: makyubiki mita 15. La m'kati ndi masikweya mita 32, lochindikala mamilimita 115: makyubiki mita pafupifupi 4. Pamodzi 19. Khoma likagumuka limafufuma kuposa dothi, chifukwa zidutswa sizikhalirana bwino. Werengerani kuti liwonjezereka ndi theka. Mulu wake ndi makyubiki mita 28. Kulemera kwake, pa matani pafupifupi 1.8 kyubiki mita iliyonse ya khoma, ndi matani 34. Lole ya matani 7 iyenda maulendo asanu.

Mitengo ya lole imasintha, choncho tingoyerekeza kuti ulendo umodzi, kuphatikiza opakira, ndi K120,000. Maulendo asanu ndi K600,000. Mmisiri amene sanalembe mzere umenewu adzazitulutsa m'thumba mwake, kapena adzakangana ndi mwini nyumba, kapena adzachita chinthu choipa chimene ndichifotokoze posachedwa.

Koma muluwo tingauchepetse ngati tigumula mwadongosolo. Yambani ndi kudulitsa magetsi ndi madzi kwa mabungwe amene amazipereka. Kenako chotsani ndi manja zitseko, mafelemu, mawindo, malata ndi matabwa a denga, chimodzichimodzi, osaphwanya. Makoma muwatsitse kuyambira pamwamba, mzere ndi mzere. Musakumbe khoma kunsi kuti ligwe lokha; anthu amafa nayo njira imeneyo, ndipo njerwa zimasweka zonse.

Nyumba zambiri zakale zinamangidwa ndi matope a dothi, osati a simenti. Njerwa zake zimachoka zathunthu, kungozipala pang'ono. Pa njerwa za muyeso wamba, zimene zimalowa 60 pa sikweya mita ya khoma lopyapyala ndi 120 pa lochindikala, nyumba yakaleyo ili ndi njerwa zoposa 9,800. Mutapulumutsa theka lokha, muli ndi njerwa pafupifupi 5,000 zomangira mpanda, khitchini yapanja kapena khola, ndipo mulu wachepa ndi theka. Zidutswa zolimba, mukaziphwanya ndi kuzitsendera, zimayalidwa pansi pa konkire wa nyumba yatsopano. Masikweya mita 48 pa mamilimita 150 akumeza makyubiki mita 7, amene mukanagula kwina. Zatsala ndi makyubiki mita 7, matani asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi: maulendo awiri a lole m'malo mwa asanu. Pa mtengo wathu woyerekeza uja, K360,000 yapulumuka.

Musaime pomwepo. Kugumula ndi manja kumatenga masiku ambiri, ndipo aganyu opala njerwa amalipidwa. Lembani malipiro awo mbali imodzi. Mbali inayo lembani ndalama za lole zimene zapulumuka, mtengo wa njerwa 5,000, ndi zimene mupeze pogulitsa malata akale, mafelemu ndi zitsulo kwa ogula zitsulo zakutha. Mukafanizira mbali ziwirizi m'pamene mungalangize mwini nyumba ndi mtima woyera. Ndipo mugwirizane naye polemba, ntchito isanayambe, kuti zopulumutsidwazo zidzakhala za yani. Milandu yambiri pakati pa amisiri ndi eni nyumba imayambira pa malata akale.

Zinyalala zoopsa

Pali zina zimene siziyenera kusakanizidwa ndi zinzake. Nyumba zina zakale, makamaka za boma ndi za makampani, zili ndi denga kapena siling'i ya asibesitosi. Ikaphwanyika imatulutsa fumbi la tiulusi tosaoneka timene timakhazikika m'mapapo, n'kudzabweretsa khansa ndi matenda ena a m'chifuwa patapita zaka zambiri. Musaidule, musaiboole, musaiponye pansi. Imafunika kuinyowetsa, kuichotsa yathunthu, kuikulunga, antchito atavala zotchinga mphuno ndi pakamwa zoyenera, ndipo mufunse ku khonsolo ndi ku bungwe loona za chilengedwe la MEPA za katayidwe kake. Ntchito imeneyi ili ndi mtengo wakewake, ndipo muziiona tsiku loyamba limene mwakayendera malowo.

Matabwa opaka mankhwala a chiswe kapena penti asaperekedwe kwa anthu ngati nkhuni zophikira. Zitini za penti ndi zigubu za mankhwala zisasanduke zotungira madzi. Magalasi osweka ndi matabwa a misomali akhale pa malo amene ana safikapo.

Kumene zinyalala zimapita

Chinthu choipa ndinanena chija ndi ichi. Ndalama yonyamulira ikasowa, zinyalala zimatayidwa usiku m'ngalande, pa puloti ya mnzako imene sanamangepo, kapena m'mphepete mwa mtsinje monga Mudi, Lingadzi ndi Lunyangwa. Mvula ikabwera ngalande yotsekayo imabweza madzi m'nyumba za anthu, msewu umakokoloka, udzudzu umaswana m'zithaphwi. Ndalama imene mmisiri sanailembe imalipidwabe, koma woilipira ndi mayi wa kumunsi amene madzi amulowera m'nyumba, amene sanadyepo kanthu pa ntchitoyo. Lamulo loteteza chilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa MEPA, lili ndi mfundo yakuti woipitsa malo ndiye ayenera kulipira. Mizinda ili ndi malo ake otayako zinyalala, monga Mzedi ku Blantyre ndi Area 38 ku Lilongwe. Musanapereke mtengo, pitani ku khonsolo mukafunse kumene akuloleza kutaya zogumula, mtunda wake, ndi ndalama zolipira. Nthawi zina pafupi pomwepo pamakhala wina amene akufuna zodzazira pa puloti yake; mukagwirizana naye poyera, nonse mwapindula.

Buku la pa ntchito

Kuwerengera kumachitika ntchito isanayambe, koma kulondola kumachitika tsiku ndi tsiku. Kapitawo akhale ndi buku. Tsamba lina alembe zolowa: tsiku, katundu, kuchuluka kwake, risiti. Tsamba lina alembe zotuluka: tsiku, mtundu wa zinyalala, kuchuluka kwake, wonyamula, kumene zapita, ndalama zimene zalipidwa kapena zalandiridwa. Matumba otha a simenti asatayidwe asanawerengedwe madzulo.

Phindu la bukuli ndi lotere. Munawerengera matumba 33 a konkire wa pansi, koma m'buku mwatuluka 40. Matumba asanu ndi awiriwo apita kuti? Mwina pansi sipanasalazidwe bwino ndiye konkire wachindikala kuposa muyeso. Mwina osakaniza akuyeza ndi maso m'malo mwa bokosi kapena wilibala. Mwina simenti inauma m'nyumba yosungira. Mwina ikutuluka pa geti. Chifukwa chilichonse chili ndi mankhwala ake, koma wopanda buku sadziwa n'komwe kuti pali chosowa. Ndipo mukamaliza nyumba zitatu kapena zinayi muli ndi mabuku otere, simudzafunanso kubwereka maperesenti kwa ine. Mudzakhala ndi anuanu, ochokera pa ntchito ya manja anu.

Tsiku pa pepala

Chomaliza ndi nthawi. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Mitengo ya malata, zitsulo, penti ndi mafuta a lole inakwera, ndipo makontilakitala amene anali atalonjeza mtengo wokhazikika anavutika kumaliza ntchito. Choncho pepala lanu la mtengo lizikhala ndi tsiku, lizinena kuti mtengowo ugwira ntchito masiku angati, ndipo lizisiyanitsa kuchuluka kwa zipangizo ndi mitengo yake. Mabuloko 1,290 adzakhalabe 1,290 chaka chamawa. Chosintha ndi mtengo wa limodzi. Mukalemba motero, kukonzanso pepala ndi ntchito ya madzulo amodzi. Pansi pake muikepo 10 peresenti ya zogwa mwadzidzidzi, ndipo mumuuze mwini nyumba poyera kuti ndalama imeneyi ndi yake. Ikapanda kugwira ntchito, ibwerera kwa iye.

Ntchito yokachita kunyumba

Aliyense akayeze nyumba imene akugonamo. Mupeze masikweya mita a makoma mutachotsa zitseko ndi mawindo, ndipo muwerengere mabuloko amene angafunike kuimanganso, pamodzi ndi owonjezera. Kenako muyerekeze kuti ikugumulidwa: mulu wake ungakhale makyubiki mita angati, matani angati, maulendo angati a lole ya matani 7? Mugawe muluwo patatu: zogwiritsanso ntchito pomwepo, zogulitsa, ndi zokataya. Mukafunse mwini lole wa kwanuko mtengo wa ulendo umodzi, mulembe ndi tsiku limene mwafunsalo. Makope onse akhale pa tebulo langa Lolemba m'mawa, ndipo limene lidzakhale lopanda mzere wa zinyalala ndidzalibweza kuti mwini wake akamalize.